Njerwa Zitatu za Chipinda cha Mkazi Wamng'ono

Bambo wina anandipeza ndikuchapa, Loweruka m'mawa. Ndinali nditangotha chaka ku Mzimba boma, komwe ntchito inanditaya kuchokera kwathu ku Dedza, koma mbiri inali itafika kale m'midzi kuti kuli mayi wina wojambula mapulani pa laputopu, nyumba n'kumaoneka yathunthu, denga ndi khonde lomwe, maziko asanakumbidwe. Ntchito ya boma ndinkagwira mkati mwa sabata. Zojambulazi zinali zanga zapambali, ndipo ndinkadzimva nazo, sindibisa.

Anali mlimi wa fodya ndi ng'ombe wa cha ku Edingeni, wamtali, imvi za apo ndi apo, wolankhula motsitsa mawu. Anabwera ndi mmisiri wake womanga, bambo wamfupi wa kumalire a Kasungu, amene ankandimasulira Chitumbuka chikandipitirira.

"Amama," anatero mlimiyo atavula chipewa, "ine ndili ndi akazi awiri. Ndikufuna nyumba ziwiri, ina kumanja kwa chibaya, ina kumanzere. Zifanane chomene. Wina asadzanene kuti mnzake akugona pabwino."

Chibaya ndi khola la ng'ombe, ndipo pakhomo pawo nyumba zonse zinkayang'ana kumeneko. Mmisiri anandinong'oneza kuti bamboyu amadziwika dera lonse ndi kugawa mofanana. Akagula zitenje amagula ziwiri za maluwa amodzimodzi, sopo amadula ndi mpeni atayeza kaye ndi chala. Kutchalitchi anamuimika kalekale chifukwa cha mitala, ndiye ulemu umene unamutsalira unali umenewu, woti pakhomo pake palibe wokonderedwa.

"Adada, zimenezo ndiye zochepa," ndinatero. "Pa makina angawa ngakhale mutafuna kukondera simungathe."

Ndifotokoze pang'ono mmene ntchitoyi imayendera, apo ayi simumva chimene ndinachita. Mu pulogalamu imene ndinkajambulira, zinthu umazimanga m'mitolo kuti zisamatirirane: makoma mtolo wake, denga mtolo wake, mawindo ndi zitseko chimodzimodzi. Mitolo yaing'onoyi umailonga mumtolo waukulu, womwe ndi nyumba yonse. Koma mitolo ilipo ya mitundu iwiri. Pali gulupu, mtolo wamba: ukaukopera n'kusintha umodzi, winawo umangokhala mmene unalili. Ndiye pali komponenti, imene ine ndinkaitchula kuti mapasa: ukasintha imodzi, inzake imasintha yokha nthawi yomweyo. Pongoyang'ana sungasiyanitse. Kuti udziwe uyenera kudina mtolowo n'kuwerenga zimene zalembedwa pambali.

Ndinayamba ndi nyumba ya mkazi wamkulu: zipinda ziwiri, balaza, kachipinda kosungira chimanga, ndi khonde. Denga, mawindo ndi zitseko ndinazipanga mapasa. Makoma ndinawasiya gulupu wamba. Kenako nyumba yonseyo ndinaikulunga kukhala komponenti imodzi, n'kuikopera mbali ina ya khola. Mpaka apa zonse zinali bwino, chifukwa chilichonse chamkati chinkatsatira mtolo wakunjawo.

Patatha sabata mmisiri anaimba foni kuti malo a mkazi wamng'ono ndi otsetsereka, pakhonde pafunika masitepe, ndipo mwini wake wavomera poti ndi nthaka yalamula. Ndikanaika masitepewo choncho, akanatulukanso kwa mkazi wamkulu komwe sankafunika. Ndiye nyumba yachiwiriyo ndinaidula kwa inzake kuti iime payokha. Ndinaika masitepe, n'kutseka laputopu, n'kupita kumsika kukagula nyemba. Sindinalembe paliponse, ndipo ndinaiwala.

Bambo uja anabweranso yekha, akuti chipinda chogona chachepa, bedi ndi kabati sizikwana. "Muwonjezere njerwa zitatu m'litali, amama. Konse kuwiri."

Ndinamuuza kuti aime kumbuyo kwanga aone zodabwitsa. Ndinadina kawiri nyumba imene inali pafupi ndi dzanja, ya mkazi wamng'ono, n'kulowa mkati. Ukalowa mumtolo, zina zonse zakunja zimazimirira, umangoona pomwe ukugwirapo. Ndinalowa m'makoma n'kukankha khoma la chipinda njerwa zitatu. Ndinatuluka, n'kulowa mudenga, n'kulikoka kuti lifikepo. Nditatuluka panja penipeni, tikuyang'ana kuchokera kumwamba, madenga onse awiri anali atatalika mofanana.

Bambo uja anaomba m'manja. "Mbwenu! Makinawa alibe tsankho."

Ndinakasindikiza mapepala awiri, nyumba iliyonse lake, miyezo yolembedwa ndi makina, dzina langa pansi. Sindinawaike pamodzi kuti ndifanizire. Ndifanizirenji zinthu zoti ndi mapasa? Ndinawapinda n'kupatsa mmisiri, ndipo ndinamuseka kuti asakawagwiritse ntchito yopichirira fodya.

Panapita miyezi iwiri. Tsiku limenelo kunkatentha moti ngakhale nkhuku zinangoti kukamwa yasa pansi pa mpanda. Ndinali nditangoika madzi pambaula pamene chitseko cha mpanda chinati phwaa, wopanda odi. Anali mmisiri uja. Poyamba sindinamuzindikire. Chipumi chinali chong'ambika mpaka pachikope, diso limodzi litatsekeka, malaya ofiira mbali yonse. Dzanja lamanja anali atalikulunga m'pepala la thumba la simenti, ndipo atalivundukula ndinaona zala ziwiri zitapindikira kumbuyo, komwe chala sichipita.

"Mayo ine! Amisiri, mwagundidwa ndi galimoto?"

"Madamu, ndagundidwa ndi pulani yanu."

Anakhala pasitepe n'kufotokoza, akupumira m'mwamba. Anayamba kumanga nyumba ya mkazi wamkulu mpaka pamawindo, n'kupinda pepala lake, n'kutenga linalo kukayamba ya wamng'ono. Dzulo lake mkazi wamkulu, akudutsa ndi ndowa ya madzi, anaima n'kuwerenga njerwa za khoma la chipinda cha mnzake. Anabwerera kwake n'kuwerenganso. Kwake khumi ndi zisanu, kwa mnzake zinaposa ndi zitatu. Sanalankhule zambiri, anangouza mwana wake wamwamuna, bambo wandevu amene anali atangobwera kuchokera ku Joni. Ndiye poti masabata onsewo mkazi wamng'ono ndiye ankapititsira amisiri tiyi ndi mbatata pamene ankamanga yake, nkhani inalukika yokha: chipinda chakula chifukwa mwini chipinda walipira ndi thupi.

"Mwana uja anandipeza pakhoma m'mawa uno," anatero mmisiri. "Ndimati ndipise m'thumba nditulutse mapepala, nthonga, chibonga chija, yafika kale pamutu. Nditagwa anandiponda pamkono, dzanja n'kuliika panjerwa, n'kumenya. Akuti zala zimenezi ndi zimene zimagwira amayi ake aang'ono."

"Nanga mkazi wamng'onoyo?"

"Bambo anamukwapula dzulo ndi chikoti cha ng'ombe. Lero masana akulu a banja akumana pachibaya. Akumubweza kwawo ku Manyamula. Ana atsala."

"Atsala bwanji?"

"Madamu, kuno si kwanu. Ng'ombe za malowolo zinapita, ana ndi a bambo. Kamtsikana ka zaka zisanu ndi kamnyamata kongosiya kumene kuyamwa. Akatuluka pamudzi paja, basi, sadzawaleranso."

Mukuganiza kuti ndinamva chisoni? Ayi, ndinapsa mtima. Munthu magazi ali chuchuchu pasitepe panga, ine n'kuyamba kumulalatira.

"Inu amisiri, sukulu munalekera pati? Tepi mumaigwira chadodolido kapena? Nyumba zimenezo ndi mapasa, sizingasiyane ngakhale ndi chikhadabo. Mwalakwitsa nokha, ndiye mwati mudzapakire ine? Asa!"

Ndi dzanja lamanzere anatulutsa mapepala aja, opindikapindika, a madontho a magazi, n'kuwayala pansi moyandikana. Aka kanali koyamba kuti mapepala awiriwo akhale pamodzi. Manambala a chipinda chogona anali osiyana, olembedwa ndi makina, osati ndi cholembera cha munthu.

"Ndiye ndi aja osindikiza aja," ndinatero. Mukuona kuuma mutu kwake? Ndinathamangira m'nyumba n'kutenga laputopu. Nditatsegula, nyumba ziwiri zija zinali pomwepo, khola pakati, madenga ofanana bwinobwino.

"Mwaona? Taonani ndi diso lotsalalo! Zikusiyana pati?"

"Madamu," anatero mwakachetechete, "munthu sagona padenga."

Ndinabisa madenga. Ha! Chipinda cha kumanzere chinali chachitali, cha kumanja chachifupi, poyera. Denga la mkazi wamkulu linkangolendewera panja, pansi pake popanda khoma. Koma ndinakanabe. Ndinalowa muwindo n'kulikulitsa, mawindo a nyumba zonse anakula. Ndinagwira chitseko, zitseko zonse zinasuntha. Ndiye zikukanika pati? Ndinkadina ngati wamisala, kulowa mtolo, kutuluka mtolo, thukuta lili kamukamu, ndikutukwana pulogalamu, ndikutukwana amene anaipanga ndi makolo awo omwe. Ndinatseka n'kutsegulanso, ngati kuti khoma lichita manyazi libwerere.

Kenako ndinachita chimene ndinayenera kuchita miyezi iwiri yapitayo. Ndinatsegula mndandanda wa mitolo yonse, uja umaonetsa kuti mtolo uti uli mkati mwa uti, n'kuyamba kutsika umodziumodzi. Pamwamba penipeni panali nyumba ziwiri, ndipo mayina ake sanali amodzi: yachiwiriyo inali ndi kanambala kumapeto, chizindikiro choti inadulidwa kwa inzake. Ndinaitambasula. Denga, mapasa. Mawindo, mapasa. Zitseko, mapasa. Makoma, gulupu wamba. Pansi pake penipeni panali kamtolo kamene mu nyumba inayo munalibe. Ndinakadina, ndipo anali masitepe aja.

Ndinakumbukira foni ija, ndi nyemba zomwe. Kuyambira tsiku limenelo nyumba ziwirizo zinali zitasiyana, kungoti denga, mawindo ndi zitseko zinkamverana monga kale n'kumandinamiza. Makoma okha, chinthu chimene anthu amagonamo, aliyense anali payekha.

Ndinene chimene ndinachita, poti ndayamba kale. Dzanja langa linalowa lokha m'nyumba ya mkazi wamkulu n'kukankha khoma lija njerwa zitatu. Sizinatenge ndi mphindi yomwe. Pa laputopu nyumba zinafanananso, ndipo panalibe munthu m'boma lonse la Mzimba amene akanadziwa. Umboni wotsala unali mapepala awiri aja, ndipo mbaula inali ikuyaka pafupi ndi phazi langa. Ndinawayang'ana mapepalawo, n'kuyang'ana makala. Ndinaganiza zowaotcha, ndithu ndinaganiza.

"Mwaipeza," anatero mmisiri. Za pa laputopu sankazimva, ankayang'ana ine. "Nkhope yanu yanena."

Manyazi anandigwira. Ndinabweza khoma lija pomwe linali. Ndinamanga chitenje, n'kuponya laputopu ndi mapepala m'chikwama, n'kuitana njinga ziwiri zamoto za kabaza. Mmisiri tinamusiya pageti pa chipatala atatilongosolera njira. Ndinati ndimuperekeze mkati, iye anakana. "Zala zidikira, madamu. Mayi uja sadikira."

Msewu wa ku Edingeni unali fumbi lokhalokha, ndipo njira yonse ndinkakonza mawu. Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, mwadala tsopano. Ndinkafuna kupulumutsa mayi uja, inde, koma ndinkafunanso kutuluka ndi dzina langa lili loyera. Ndinagwirizana ndi mtima wanga kuti ndikanena kuti makina ndi amene anasokoneza. Mapepala ndisawatulutse msanga, poti pansi pake panali dzina langa. Laputopu ilibe nkhope yoti ichite manyazi.

Tinafika dzuwa litapendeka pang'ono. Phokoso loyamba kumva linali la hamala. Mwana wa ku Joni uja anali atakwera pakhoma la nyumba ya mkazi wamng'ono, chifuwa pamtunda, akugumula njerwa imodziimodzi n'kumaziponya pansi. Pakhomo la khola amuna anakhala pamipando, akazi pansi chapatali. Pakati panali mayi wochepa thupi, wosafika ndi zaka makumi atatu zomwe, mutu uli pansi. Bulauzi yake inali itamatirira kumsana m'mizere ya magazi ouma. Pambali pake panali mtolo wa zovala womanga m'chitenje. Kamtsikana kake kanali m'manja mwa mayi wina, kakuphiriphitha kuti kapite kwa amake, ndipo mayiyo anakagwira zolimba.

Sindinadikire kuti andilonjere. "Adada, imani kaye! Ndabwera ndi umboni. Makina ndi amene anasokoneza."

Ndinaika laputopu pamulu wa matabwa a paini a ku Chikangawa amene ankadikira denga, n'kuitsegula. Dzuwa linali likuwomba pagalasi, osaoneka kanthu, mdima wokhawokha ndi nkhope yanga. Ndinatchinga ndi chitenje. Anthu anaunjikana, ena akusuzumira, ena akung'ung'udza m'Chitumbuka. Ine n'kuyamba sukulu, abale. Gulupu ndi chakuti, komponenti ndi chakuti, mtolo wakunja, mtolo wamkati, onani kanambala aka. Kwa anthu oti akuweruza mlandu wa chigololo! Mkulu wina anafunsa mnzake kuti mayiyu akugulitsa chiyani.

Mlimi uja, mwini khomo, anaimirira. Maso ake anali ofiira, ndipo mawu otsika aja anali atasanduka ena.

"Amama, munandiuza nokha kuti makinawa sangakondere. Ndinaona ndi maso anga madenga akukula onse awiri. Lero mukuti makina asokoneza. Ndimve ziti?"

"Adada, denga ndi mapasa, koma makoma ali mumtolo wina umene..."

"Makina sasintha okha. Pali munthu. Ndani?"

Anandipatsa mpata, mukuona? Funso lake linali lolunjika, yankho lake liwu limodzi. Ine ndinalizemba. "Si munthu kwenikweni, adada, ndi mmene pulogalamuyi imagwirira ntchito. Tayang'anani apa ndikuonetseni."

Pamenepo mkazi wamng'ono uja anakwawa ndi maondo n'kugwira mwendo wa mwamuna wake. "Adada, amvereni amamawo. Ndapota, amvereni."

Bambo uja anayang'ana pansi, n'kuyang'ana ine. "Nawonso wawagula?"

Sindinaone pamene anatola chidutswa cha thabwa. Ndinangomva kulira kwake, khuu, pambali pa mutu wa mayiyo. Anagwa chammbali osalira n'komwe, miyendo ikunjenjemera, ndipo magazi anayamba kuyenderera kutsikira m'khosi. Kamtsikana kaja kanakuwa mawu amene sindifuna kudzawamvanso. Bamboyo anakwezanso thabwa.

"Ndine!" Ndinakuwa mpaka kukhosi kunawawa. Ndinalumphira thabwalo n'kulikakamira ndi manja onse. "Ndine, chitsiru cha munthu iwe, ndine! Musiye!"

Kutukwana bambo wa mwini pakhomo pake, pamaso pa abale ake. Mwana wa ku Joni uja anadumpha pakhoma. Nthonga yake inayamba ndi laputopu, kawiri, magalasi mbwee pamatabwa, kenako anatembenukira ine. Chibakera chinandipeza pakamwa ndipo ndinakhala pansi osafuna. Ndinamva dzino likuyandama pa lilime. Anandiponda m'nthiti, n'kukweza nthonga, koma amalume ake awiri anamugwira mikono. Ine pakamwa sipanatseke. Ndinalavula dzino lija n'kupitiriza kukuwa ndili pansi pomwepo.

"Nyumba zija ndinazilekanitsa ndi dzanja langali, n'kuiwala! Munati ndiwonjezere konse kuwiri, ine ndinawonjezera kumodzi! Mapepala sindinawafanizire chifukwa cha matama! Mmisiri wamanga zimene ndinalemba ine! Mayi uyu sindinamuonepo chibadwire, ndamuona lero! Mukufuna womenya, ndi ine pano!"

Ndinasolola mapepala aja m'chikwama n'kuwaponya pafumbi. Mawu onsewo sanatenge nthawi imene munthu amamwera kapu ya madzi. Ndikanawanena pofika, thabwa lija likanakhala pamulu pake.

Kamwana kaja kankalirabe. Mkulu wina wa magalasi anatola mapepalawo, n'kuwaika pabondo moyandikana, n'kuyendetsa chala. Anawerenga manambala awiriwo mokweza, n'kuwerenganso dzina langa pansi pa pepala lililonse. Anati palibe pamene pafufutidwa kapena kulembedwa ndi dzanja.

Woyamba kusuntha anali mkazi wamkulu, mayi wonenepa wa duku lakuda amene nthawi yonseyi anangokhala kumbuyo. Anadutsa pakati pa amuna osagwada, n'kumasula chitenje chake chapamwamba, n'kugwada pafupi ndi mnzake uja. Anamudzutsa mutu n'kuukulunga. Kenako anayang'ana mwana wake.

"Taya nthongayo. Munthu wogulidwa sabwera kudzadzichotsa ulemu chonchi." Anatembenukira mwamuna wake. "Ine ndinangowerenga njerwa. Izi mwachita ndinu."

Bambo uja anakhala pansi, pafumbi penipeni, osati pampando. Ankayang'ana manja ake. Palibe amene anapepesa, palibe amene anagamula mlandu. Mayi wina anangotola mtolo wa zovala uja n'kubwerera nawo kunyumba yakale ya mkazi wamng'ono, ndipo aliyense anadziwa kuti sakupitanso ku Manyamula. Kamtsikana kaja anakasiya, kanathamanga n'kukagwera pa amake. Njinga imene ndinabwera nayo inanyamula wovulalayo, mkazi wamkulu atamugwirizira kumbuyo, kupita kuchipatala chapafupi. Ine ndinakhala pamatabwa paja ndi mlomo wotupa, ndikutolera zidutswa za laputopu ngati zingalumikizike.

Ndinafuna kupita kupolisi. Ndinatumiza mawu kwa mayiyo, ndipo yankho linabwera loti ndisayerekeze: mwamuna akamangidwa, abale ake amuthamangitsa ndithu, ndipo ana atsala. Ndinameza mkwiyo wanga. Mmisiri zala zake zinapola mokhota, njerwa sankaigwiranso bwino, ndipo anabwerera kwawo kumalire kukalima. Nditamuona komaliza ndinamupepesa, iye anangogwedeza mutu n'kunena kuti zinachitika basi. Nyumba zija anamaliza ndi mmisiri wina. Ndinamva kuti chipinda cha mkazi wamkulu anachiwonjezera njerwa zitatu, ntchito ya tsiku limodzi.

Koma kwa mayi uja sindinapite. Ndinkati ndipita mlomo ukapola, kenako ndinati mvula ikatha. Zoona zake ndinkaopa nkhope yake.

Amene anabwera ndi iyeyo, nthawi yokolola. Ndinamva odi wapansipansi kumpanda, ndipo nditatsegula ndinapeza mayi wochepa thupi uja, kamnyamata kumsana, kamtsikana pambali katanyamula nkhuku yomanga miyendo, iye atasenza dengu la mtedza. Anatula dengulo n'kugwada pafumbi, pamaso pa ine.

"Yewo chomene, amama. Mukanapanda kubwera tsiku lija, ana awa bwenzi akuleredwa ndi ena. Munataya dzino chifukwa cha ine."

Abale, kuthokozedwa kumapweteka kuposa chibakera. Ndinamudzutsa msangamsanga, n'kuyala mphasa pakhonde, n'kuwapatsa ana mabisiketi. Anakhala akuyang'ana kubwalo komwe kamtsikana kankathamangitsa mphaka wanga. Ine ndinakhala kumanzere kwake, pafupi ndithu, ndipo poti sankandiyang'ana kumaso ndinapeza mphamvu. Ndinayang'ana pamphasa n'kuyamba kulankhula motsitsa mawu kuti ana asamve.

Ndinamuuza zonse. Ndinati asandithokoze, chifukwa chikoti chija chinachokera m'dzanja langa. Ndinamuuza kuti mmisiri atabwera ndinataya nthawi ndikumutukwana, kuti ndinayang'ana mbaula ndi mapepala ali patsogolo panga. Ndinamuuza kuti mwamuna wake anandifunsa kuti ndani, ndipo ndinkalidziwa yankho, koma ndinasankha kuteteza dzina langa, ndiye thabwa lija linagwa m'nthawi imene ine ndinkazungulira. Misozi inkagwera pachitenje. Ndinamaliza ndi kunena kuti pepani, amama, mundikhululukire ngati mungathe.

Ankangoyang'ana kubwalo, akumwetulira mphaka atakwera mumtengo wa papaya. Ndinadikira. Kenako anatembenuka kuti akonze mwana kumsana, n'kuona nkhope yanga yonyowa, n'kudzidzimuka.

"Iii, amama, mumalankhula? Pepani chomene. Mubwere mbali iyi." Anagwira khutu lake lakumanzere ndi chala, mopepuka, ngati akuchotsa fumbi. "Ili linafa tsiku lomwe lija. Silimva ngakhale bingu. Mumati chiyani?"

Ndinadzuka, n'kuzungulira mphasa, n'kukhala kumanja kwake. Anapendeketsa mutu kuti amve bwino, akumwetulirabe, akudikira. Ndinatsegula pakamwa. Ndinamufunsa ngati mtedza wachita bwino chaka chino.

Anati wachita bwino chomene.